Gaga Pamathiriro

Mtsinje wathu umachokera ku Zambia, m'dambo lalikulu la udzu wokhawokha. Umadutsa kumunsi kwa mudzi wathu, cha ku Mualadzi, n'kukathira mu Luya. Chaka chimene nkhondo inatentha nkhokwe zathu, ine ndi agogo tinautsata chokwera. Makolo anga anali atamwalira kale, tinangotsala awiriwiri. M'misewu munali mabomba okwirira, choncho tinkayenda m'bango.

Agogo anali ndi mlongo wawo ku Zambiako, koma njirayo anayendamo kamodzi kokha, akadali namwali. Tsopano miyendo yawo inali itatupa. Tsiku lachitatu masana tinafika pamathiriro, pokumana mitsinje iwiri yolingana. Wina unkachokera ku Zambia, wina kumapiri a kwathu komwe kunali amfuti. Agogo anakhala pamwala.

"Panali mkuyu apa," anatero. "Tinkadzera mbali ya mkuyu."

Mkuyuwo panalibe, ngakhale chitsa.

"Agogo, mwaiwala?"

"Kuiwala ndani, iwe? Mtengo ndiwo wasamuka." Anaseka pang'ono, kenako n'kusisita bondo. "Miyendo iyi yatsala ya ulendo umodzi, mwanawe. Tikasokera, sindibwerera."

Ndinanjuta pamchenga n'kumangoyang'ana madzi, monga ndinkachitira kwathu anzanga akamasewera. Mtsinje wa kumanzere unali woyera mbee, wosakhudzidwa ndi munthu. Wa kumanja unali wotuwa pang'ono, ndipo m'mizu ya bango munali mutakodwa tinthu toyera. Ndinalowa m'madzi mpaka m'mawondo, n'kutapa ndi dzanja. Anali gaga. Kumtundako wina anali atatsuka mphale.

Kwathu mitondo inali italeka kulira kalekale, chifukwa kugunda kwa musi kunkaitana amfuti. Chimanga tinkangokazinga mwakachetechete.

Ndinawatambasulira dzanja. Agogo ananunkhiza, n'kuika pang'ono palilime.

"Wa lero uyu. Kumeneko akukonola dzuwa likuswa mtengo, osaopa munthu."

Anatsamira paphewa panga, tinadzera kumanja. Mapiri anatsalira m'mbuyo, mtsinje unayamba kuchepa, udzu n'kutalika kutiposa. Malire sindinawaone, panalibe chipilala kapena waya. Dzuwa litapendeka tinamva kugunda kutsogolo kwathu, du, du, du.

Agogo anaima, akumvetsera, misozi ikutsika m'makwinya.

"Ameneyo ndi waulesi," anatero. "Musi sagwira choncho. Tiye ndikamuonetse."