Tinamuveka Buluku Lake

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pasimenti. Amayi a kumpingo amene anachezera kuimba anali atagona mothithikana kuzungulira thupi. Panja abambo ankawotha moto, mwera ukuwomba kuchokera kunyanja.

Womwalirayo anali wobadwa pambuyo panga. Pobatizidwa anamutcha Marita, koma kudoko kuno ku Nkope asodzi anzake ankamuitana Che Saidi. Kuyambira ali wamng'ono ankati iye ndi mwamuna, thupi lokha ndilo silinali lake. Tinkamuseka, ine ndiye patsogolo. Atatha msinkhu analira sabata yathunthu ngati wafedwa. Chifuwa chitamugwira chaka chino anakana kuchipatala mpaka mochedwa, poopa kukagonekedwa kuwodi ya amayi. Kutatsala masiku awiri kuti amwalire anandipempha chinthu chimodzi, kuti ndisalole aikidwe m'manda atavala diresi.

Ndinavomera, koma amayi athu anali atasoketsa kale diresi loyera, ndipo amayi akanena anena.

Kutacha moto wophikira unayaka kuseri kwa nyumba. Anthu anayamba kufika, ena wapansi, ena pakabaza kuchokera ku Makokola. Asodzi, ambiri a iwo Asilamu, anabwera ndi usipa wa ndiwo, kenaka anapempha kukathandiza adzukulu kukumba.

Mwambo wathu ndi wakuti mkazi amasambitsidwa ndi akazi. Ndinalowa nawo m'chipinda nditabisa buluku ndi shati lake m'chitenje. Ndinali ndi mantha, osadziwa poyambira. Mayi wachikulire amene ankatsogolera atamuvula malaya, anapeza nsalu yomangidwa zolimba pachifuwa. Ataimasula, khungu linali zipsera zokhazokha, zina zakale, zina zosapola. Anaima kaye, n'kutuma munthu kuti akaitane amayi athu, ngakhale kwathu kholo sililowa posambitsa mwana wake.

Amayi anayang'ana nthawi yaitali. Anafunsa kuti zimenezi zinayamba liti. Ndinawauza kuti papita zaka khumi ndi zisanu, tsiku ndi tsiku, ngakhale m'chilimwe dzuwa likuswa mtengo, ngakhale akukoka khoka. Ndinatulutsa zovala zija n'kuziika pamphasa.

"Muvekeni zakezo," anatero amayi. "Wavutika mokwanira."

Nthawi yoona nkhope itakwana, kolala ya shati inkaonekera bwinobwino. Ena ananong'onezana, ena anatsinana. Sindinasamale, pakamwa pa anthu palibe chitseko. Abusa anapemphera mwachidule, akungoti mwana wanu uyu, osatchula dzina lililonse. Asodzi ndiwo anayamba kunyamula bokosi, akulandizana njira yonse, mphepo ikutithira fumbi m'maso. Kumanda sitinachedweko.

Pofika madzulo mabenchi anali atabwezedwa kutchalitchi, miphika yobwereka itapita kwa eni ake. M'nyumba munali zii. Tinakhala pakhonde ine ndi amayi. Kenaka kunafika mayi wina wokalamba amene ankagulitsa nsomba ndi amayi kale, wochokera kufupi ndi malire a Mozambique. Uthenga unamupeza mochedwa ndiponso wosamveka bwino. Atapepesa, anafunsa kuti watisiya ndi mwana uti.

"Wamwamuna," anayankha amayi. "Ndinali naye mmodzi yekha."

Ndinanyamuka n'kupita kuseri kwa nyumba, kumene ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda. Mawu amenewo Che Saidi anawadikira moyo wake wonse, ndipo ndinawamva ndine.