Kadontho ka Mwezi Watha

Aliyense ankangomutchula Bambo Sikelo, ngakhale mkazi wake yemwe. Zaka makumi awiri ndi zinayi anazithera pakhonde la chipatala chaching'ono, kupachika ana pasikelo ndi kuika madontho pamakadi awo. Sukulu sanapite nayo patali, koma pa nkhani ya mzere wa pakadi panalibe womuposa. Ankaika chala pakadontho kakale, china pakatsopano, n'kuwerenga timabokosi: tingati chopingasa, tingati chokwera.

"Musamangoona pamene kadontho kali, mayi," ankatero. "Muziona kakweredwe kake. Miyezi iwiri, mabokosi anayi, ndiye kuti awiri pamwezi. Ameneyu akudya ngati bambo ake."

Vuto la munthuyu linali mtima. Akaona misozi, nzeru zonse zija zinkamuthawa.

Tsiku lina mlongo wake wamng'ono anabwera ndi mwana wake woyamba, ndipo sikelo inaonetsa kuti mwezi wonse mwanayo sanawonjezere kalikonse. Mlongoyo anayamba kulira, poti apongozi ake ankamunena kale kuti sadziwa kulera. Bambo Sikelo anayang'ana uku ndi uku, n'kukweza kadontho bokosi limodzi. Anadziuza kuti mwezi wamawa mwana adzafika pomwepo.

Sanafike. Mwezi wotsatira muvi wa sikelo unaima pomwe paja, ndipo timiyendo ta mwanayo tinkalendewera mopanda mphamvu. Cholembera chinamulemera m'manja.

"Achimwene," mlongoyo ananong'ona, "ingopangani ngati muja."

Kani ankadziwa. Manyazi anamugwira Bambo Sikelo. Anakhwatcha kadontho kabodza kaja, n'kuika toona tiwiri, n'kulumikiza. Miyezi iwiri chopingasa, chokwera palibe. Mzere unangogona.

"Mwandigulitsa," anatero mlongoyo. "Ndikanena chiyani kunyumba?"

"Ukanene kuti mwana ali kuchipatala. Tiye."

Kadi ananyamula yekha kukapereka kwa nesi wamkulu, mayi wosaseka ndi munthu.

"Wakhwatcha apa ndani?" anafunsa nesiyo.

"Ndine, sisitala. Mwezi watha ndinalemba bodza."

Nesiyo sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anatsina khungu la mwana pamimba, n'kumuyang'ana m'maso, kenako anamulandira m'manja mwa mayi ake.

"Uyu agona konkuno," anatero. "Mukanandibweretsera mwezi watha, bwenzi akungomwa mankhwala kunyumba."