Mawu a malemu Tembo pa disiki yolira

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi msuweni wanga, pakashopu kokonza makompyuta kuseri kwa msika wa pa Chongwe. Eni ake, a Zulu, anandiphunzitsa mothamanga ngati akuthawa mvula: kumasula laputopu ndi kasikuludiraiva, kuchotsa hadi disiki, kuiika m'kabokosi ka USB n'kuilumikiza kukompyuta ya pashopu. Kenaka anabwerera ku Lusaka komwe kunali shopu yawo yaikulu. Anandisiyira lamulo limodzi: "Disiki ikayamba kulira, osaizimya-zimya. Yamba kukopa chamene kasitoma afunisisa, vinangu pambuyo."

Kwathu ndi ku Katete, ndipo pa Chongwe ndinalibe mnzanga. Magetsi akazima ndinkangokhala pakhomo kuyang'ana maminibasi, tsiku n'kutha osacheza ndi munthu. Ndinkasungulumwa, osanama.

Tsiku lina m'mawa kunabwera amayi Tembo a ku Chalimbana, atavala zakuda, laputopu ataikulunga m'chitenje. Amuna awo anali mphunzitsi wa kwaya kutchalitchi, ndipo anali atamwalira chaka chapitacho. Asanadwale anapeka nyimbo. Sanailembe, anangodzijambula akuimba n'kuisunga mu laputopuyo, yomwe tsopano inali itasiya kuyaka. Akwaya ankafuna kuiimba pa Misa yowakumbukira, koma panalibe amene ankaidziwa yonse.

"Usade nkhawa, mwana wanga," anatero, iwo kutonthoza ine. "Ba Tembo benze osamala. Vonse benze kusunga pabili, ku C na ku D."

C ndi D ndi zipinda ziwiri za disiki imodzi. Malemuwo anagawa mbewu m'matumba awiri n'kuwaika m'nkhokwe imodzi yodontha. Sindinawauze pomwepo.

Nditailumikiza, disiki inayamba kulira, ke, ke, ke. Ndinaimbira a Zulu, foni osayankha. Ndinatsala ndekha ndi mayi wondikhulupirira. Mafoda ankatseguka mwaulesi. Ndinaona zithunzi za ukwati ndi za ana, koma ndinazidutsa, ngakhale zinandiwawa. Ndinapeza foda ya nyimbo, n'kusankha imene anaijambula komaliza. Kamzere kosonyeza kukopa kanayenda pang'ono, kanaima, kanayendanso. Disiki inatentha, kenaka inangoti zii, osadzukanso.

Ndinatsegula chimene chinapulumuka. Kunamveka kutsokomola, kenaka mawu a malemuwo: "Amake Grace, chepesaniko wailesi, nijambula." Anaimba ndime yoyamba ndi kolasi, nyimbo n'kudukira pomwepo.

Ndinawauza amayi Tembo zoona, kuti nyimbo yatsala theka ndipo zithunzi zapita. Ndinkayembekeza kukalipiridwa.

"Bwezako poyamba paja," anatero.

Ndinabweza. Sankadikira nyimbo ayi. Amuna awo akangomaliza kunena za wailesi, ankandikodola kuti ndibwezenso.

"Vithunzi vili pachipupa kunyumba," anatero potsiriza. "Nyimbo bakwaya bazamalizisa. Koma kuniitana kwa ba Tembo ndiye nenze nilibe."

Ndinawaikira mawuwo pa fulashi ndi pafoni yawo, n'kutumizanso kwa Grace, mwana wawo wa ku Kafue. Atapita, m'shopu munakhala chete kuposa masiku onse, ndipo ndinawasowa kwambiri akwathu.

Kuchokera tsiku limenelo, kasitomala akandiuza kuti wasunga pawiri ndimamufunsa kuti pachiwiripo ndi nyumba iti. Ndipo ndikaimbira bambo anga ku Katete ndimajambula mawu awo, ngakhale akungodandaula za feteleza. Iwo amati ndikuwononga foni. Ine ndimadikira pomwe amanditchula dzina.