Khoma la Mayi Winifred

Anthu ena amabadwa ndi mphatso yoimba, ena yophika. Mayi Winifred anabadwa ndi mphatso yovindikira. Kunyumba kwawo ku Lupaso wailesi inali ndi kansalu kake koluka, jagi ya madzi ndi kake, Baibulo ndi kake. Amiseche amati ngakhale bambo wa m'nyumbamo, dalaivala wa lole amene anabwera nawo kuchokera ku Chiradzulu, anathawira ku Karonga poopa kudzadzuka tsiku lina atalukiridwa chivindikiro.

Mayiwo ntchito ankagwira ku Luwinga, pa shopu ya ba Gondwe yosema ndi kunola zitsulo za magalimoto ndi za zigayo. Iwo awo anali makalata, pa katebulo ka pakona, makina akulira mbali zonse. Fumbi la mmenemo si la mumsewu ayi. Ndi lachitsulo, lakuda bii, loti munthu ukamina madzulo umayembekeza kuona misomali.

M'chaka cha 1990 ba Gondwe anagula kompyuta kwa mzungu wina wa pulojekiti amene ankabwerera kwawo. Mzunguyo anasiya chenjezo limodzi lokha: mdani wa chinthuchi ndi fumbi. Ba Gondwe anachitula pa katebulo kaja n'kuloza chala.

"Amama, chinthu ichi chikafa, namwe ntchito yamala."

Mayi wa ana atatu, mwamuna ali ku Karonga, mawu oti ntchito yatha samawamva kawiri. Anapempha khoma, kachipinda chabe kokhala ndi chitseko.

"Khoma? Ine ndine wa zitsulo, sindine bilidala. Njerwa zadula chomene. Kodi si inu katswiri wovindikira?"

Choncho anayamba ndi zimene ankadziwa. Analuka chivindikiro cha ulusi wa pinki, chamaluwa m'mbali, mabowo ake oti chala n'kulowa. Morris, mkulu wonola zitsulo amene pakamwa pake sipankatsekeka ngati chitseko cha basi, anachizungulira kawiri.

"Alamu, ukonde uwu ndi wa usipa? Fumbi likudutsamo likuimba mluzu."

Kenaka anabwera ndi pulasitiki ya matiresi. Imeneyo fumbi inaliletsadi, koma tsiku lina anaifunditsa kompyuta ili chiyakire, ndipo inatentha mpaka Morris anafunsa ngati mbatata zapsa. Kuyambira pamenepo pulasitiki inali ya poweruka basi. Masana ankayala masaka onyowa pansi, m'mawa uliwonse n'kumapitsa nthenga ya nkhuku pakati pa mabatani. Komabe chilembo china chinayamba kukakamira, galasi nalo n'kumaphethira ngati munthu wa maso odwala. Za khoma ankakumbutsa mwezi ndi mwezi, ba Gondwe n'kumamva ngati akuwauza za mvula ya chaka chatha.

Ndiye kunadza Okutobala uja amayi onse anaitanidwa ku Katoto kukayeserera magule a chipani. Mayi Winifred anabwerako masana, thukuta kamukamu, nsalu ya chipani ili m'chiuno pamwamba pa diresi. Anapeza Morris akunola chitsulo cha chigayo, moto uli thethethe, fumbi lili tolotolo kulunjika pakona. Pulasitiki ija anali ataitenga kufunditsa injini ya kasitomala panja. Mayiwo sanaganize kawiri, mwinanso sanaganize n'kamodzi komwe. Anazimitsa kompyuta, kumasula nsalu m'chiuno, phaa pamwamba pake, n'kuthamangira panja kukalimbana ndi Morris.

Mkangano usanathe, analowa a Overtoun, tcheyamani wa chipani wa deralo, ndi anyamata awo a malaya ofiira, kudzaona makhadi a chipani. Makhadi sanawafunse n'komwe. Maso awo anagwera pakona, pamene nkhope ija aliyense ankaidziwa, nkhope ya mwini dziko yodindidwa pa nsaluyo, inali yambalambanda pa kompyuta, fumbi lili mbuu kuyambira pamphumi mpaka pachibwano.

Makina anazima okha. Ba Gondwe anayamba kuyang'ana kudenga ngati malata awaona lero. Masiku amenewo anthu ankakwera galimoto yopita kosadziwika pa nkhani zochepa kuposa imeneyi.

"Waika nsalu iyi apa ndani?"

Mayi Winifred anagwada pa simenti. Koma mkazi wa ku Chiradzulu mawondo akagwa pansi ndi pamene mutu umadzuka.

"Ndine, bambo tcheyamani. Makina awa si chitukuko kodi?"

"Ndi chitukuko."

"Nanga chitukuko m'dziko muno anabweretsa ndani?"

A Overtoun anayankha funsolo mokweza, monga ankachitira pa misonkhano, anyamata aja n'kuvomereza.

"Ndiye ine ndikanachifunditsa thumba la feteleza, bambo?"

Tcheyamani anakanda m'mutu. Kuti inde, sizikanatheka. Kuti ayi, ndiye mlandu watha. Anagwira pamene panatsala.

"Nanga fumbi ili pankhope?"

"Limenelo ndiye landisowetsa mtendere, bambo. Ndakhala ndikupempha khoma kuti pano pasamafike fumbi. Koma abwana akuti njerwa zadula."

A Overtoun anatembenuka pang'onopang'ono. "Ba Gondwe. Njerwa zadula?"

"Yayi, yayi, adada! Zatchipa chomene. Ndimati ndikagule mawa lomwe."

Sabata isanathe, pakona paja panali kachipinda ka njerwa, kopaka laimu, chitseko chotseka bwino, ndi zenera la galasi loti mayi aziona amene akuba pulasitiki. Khoma limene linakanika chifukwa cha kompyuta linamangidwa chifukwa cha nsalu. Nsaluyo anaichapa, kuisita, n'kuibwezera m'chiuno, ndipo sinakwerenso patebulo. Galasi la kompyuta linasiya kuphethira.

Mayi Winifred anakhala m'kachipindamo zaka zambiri, ana onse mpaka kumaliza sukulu. Ba Gondwe sananene yewo wothokoza ngakhale tsiku limodzi, koma polowa ankagogoda, ndipo Morris ankavula mabuti pakhomo akung'ung'udza. Chivindikiro cha pinki chija sichinatayidwe ayi. Anachimasula ulusi n'kulukira kachipewa chogwirira cha chitseko, poti manja a anthu a m'shopumo sankawakhulupirira.