Dzanja la mchere la a Benedicta

"Thirani nokha mcherewo! Manja anu anadyedwa ndi chiswe?" Anali Dorika ameneyo, kukalipira amayi ophika pa maliro ku Mphunzi. Chisanu chinali chothyola zala, adzukulu akudikira chakudya, koma ndiwo zinali zosathira mchere chifukwa a Benedicta, akulu ake a Dorika, anali atakana kuugwira.

"Ayamba matama," wina anatero. "Kapena apeza kamdala, atenthanso thupi!" Amayi aja anafa nacho chikhakhali. A Benedicta anangowerama, kuyang'ana phulusa.

Tinene zoona, mayi ameneyu mudzi unamudyera. Anasiya kusamba msanga, anzake akuberekabe, amuna awo atatsikira kale kuli chete ku migodi ya ku Joni. Anthu anati basi, tapeza munthu wozizira, woti sangadule mwana kapena wodwala. Pa ukwati, itanani a Benedicta athire mchere. Khanda likatuluka m'chikuta, alinyamule ndi a Benedicta. Iwo osakana. Ankasiya kachewere wawo m'munda osapalira, n'kuthamangira kumene aitanidwa. Ulemu wawo wonse unali pamenepo, ndipo ankaunyadira.

Ndiye magazi anabwerera, patatha zaka zambiri. Osati a pamwezi ayi. Ankangodontha, lero pang'ono, mawa zii, mkuja ambiri, pamodzi ndi msana wowawa. Anapita mwakachetechete kwa a Esitere, namkungwi wa m'mudzimo. A Esitere anaseka. "Ndi otsalira amenewo, achemwali, utsikana ukutsanzika. Pirirani, musauze munthu." Anapiriradi. Nsanza ankachapa mobisa kudambo. Chimene chinkawasowetsa mtendere sichinali ululu, koma mantha oti angadwalitse mwana wa mwini. N'chifukwa chake anayamba kukana mchere ndi makanda, nasankha kutchedwa odzikuza.

Dorika anazidziwa tsiku la malirolo. Atawakokera kuseri kwa nkhokwe, anaona chitenje chitadetsedwa.

"Achemwali, zayamba liti izi?"

"Dzinja latha lija. Usakuwe, Dorika, pali anthu."

"Ndikuwa! Mukufa ndi ulemu inu!"

M'mawa mwake anawakweza basi, makhadi a chipani atamangirira pa nsonga ya chitenje, poti wopanda khadi ankatsitsidwa panjira. Kuchipatala namwino anawayeza. Kenako anati pali chotupa pa khomo la chiberekero, ndipo chakula. Magazi obwera munthu atasiya kale kusamba si odikira nawo, anatero, a Benedicta akanabwera kuchipatala pamene zinkayamba.

A Benedicta anangofunsa chimodzi: "Ndiye kuti ana ndinawanyamula aja sindinawalakwire?" Namwino anati ayi. Iwo anapuma mozama ngati atula mtolo wa nkhuni za ku Chongoni. Anawagoneka komweko.

Dorika sanafikire kwawo. Anapita molunjika pabwalo la a Esitere, nawapeza akusola chimanga ndi amayi ena.

"Mayi, ndabwera ndekha, akulu anga atsala pa bedi. Inu mumalangiza ana athu onse m'mudzi muno. Munthu anabwera kwa inu akutaya magazi, inu n'kumuuza kuti atseke pakamwa. Ndi angati ena mwawauza zomwezo? Sindichoka pano. Mundiyankhe, amayi onsewa akumva!"