Ulusi Wakuda wa Telala

Telala wina ndi mkulu wake anabadwa bere limodzi, koma ukawaona sungavomere. Mkuluyo anali chiphona cha munthu, wa golosale, wathupi, kuseka kwake komveka mpaka kumsewu. Telala anali wowonda ngati bango, ndipo ankasoka pakhonde pa golosaleyo.

Kale makina ake ankalira tambala asanatsike. Maso ake anali ofooka, choncho mkazi wake ndiye ankamulowetsera ulusi pasingano. Tsiku lomwe mayiyo anagwa ndi matenda, anasiya atalowetsa ulusi wakuda. Sanadzukenso.

Chichitikireni maliro, telala ankangofika pakhonde, n'kukhala, manja ali pamaondo. Tulo sankatiwona, chakudya chinkamuzizirira pambali. Nsalu za anthu zinachita fumbi.

Mlamu wake, mkazi wa mkuluyo, ndiye anali ndi pakamwa.

"Alamu, kuchipatala anakuyezani magazi, shuga, mtima, zonse zili bwino. Achimwene anuwa ndi amene amamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku, koma onani akunyamula matumba. Inu mukudwala pati?"

"Adokotala anati ndi matenda a maganizo," anatero telala motsitsa mawu.

"Maganizo! Ife tilibe mitu? Ofedwa ndinu oyamba? Ulesi mwauveka jekete basi."

Mkuluyo anangoseka. "Mphwanga, kwatiranso. Mwamuna wopanda mkazi amachita nkhungu."

Mlamuyo ankafuna khondelo lipite kwa mlongo wake wokonza nsapato. Tsiku lina anaponya nsalu yoyera pamakina.

"Diresi la mwana wanga la kwaya. Likapanda kutha Loweruka, makinawa achoke pano."

Telala anadziwa kuti kuchoka pakhondepo ndi kukadzitsekera m'chipinda chake chamdima, mopanda ndi womupatsa moni yemwe. Anadzikoka. Anayeza nsalu, analemba ndi choko, anadula. Atafika pasingano, dzanja linaima. Kuti asoke choyera, anayenera kusolola ulusi womwe zala za mkazi wake zinalowetsa. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaponda makina.

Loweruka mlamu anatambasula diresilo anthu ogula akuona. Linali losokedwa bwino, msoko wowongoka ngati kale, koma wakuda bii kuyambira m'khosi mpaka m'munsi.

"Taonani misala iyi! Mwana wanga akaimbe atavala maliro? Makinawa achoke lero!"

Anawerama, nasolola ulusiwo pasingano, n'kuutaya pansi. Mkuluyo anayang'ana kumbali, nayamba kupukuta sikelo yopukuta kale.

"Mphwanga, wamva wekha."

Telala anagwada, napapasa pasimenti mpaka anaupeza ulusiwo, naukulunga kuchala. Makina anawanyamula pawilibala madzulo omwewo.

Lolemba pakhonde pankanunkha guluu wa nsapato. Amene anafunsa za telala ndi mayi mmodzi yekha, ndipo ankafuna nsalu yake.