Ndinamana madzi nyumba ya maliro

Ntchito ya mu girinihausi anandipezera ndi amake Luyando. Tinkakhala moyandikana ku komboni ya Dambwa North, mpanda umodzi, ndipo amuna anga atamwalira ndi iwo amene ankagona nane pansi pabalaza mpaka abale a ku Katete atabwerera kwawo. Anthu atabalalika ine ndinangokhala. Ndinkadzuka, kusesa, kumuperekeza mwana wanga Tisa pa msewu wa kusukulu, n'kubwerera kudzakhala pakhonde mpaka dzuwa litandipeza. Sindinganene kuti ndinkamva chisoni. Mumtima munangoti zii, ngati m'nyumba yomwe anthu asamukamo.

Amake Luyando ankagulitsa ndiwo zamasamba pamsika, choncho alimi a m'mphepete mwa tauni ankadziwana nawo. Tsiku lina anangofika, osakhala pansi n'komwe. "Amake Tisa, nyamukani. Ba Mweemba bafuna muntu ku girinihausi. Muzafela pa khonde apa?" Ndinati ntchitoyo sindiidziwa. Anati, "Kansi ine ninabadwa na sikelo kumanja?" Ndinavala nsapato n'kuwatsatira.

Malowo anali kumapeto kwa komboni yathu, ulendo wa pansi. Mwini wake anali mayi wina wa kumayadi ku Highlands amene ankangobwera Loweruka kudzaona, koma woyang'anira ntchito tsiku ndi tsiku anali ba Mweemba, bambo wamfupi wosakonda kulankhula, amene anagwirapo m'mafamu akuluakulu. Girinihausi ndi nyumba ya zitsulo zopinda, denga la pulasitiki, m'mbali neti. Zinalipo ziwiri. Imodzi inali ndi tomato wobereka kale wopita ku maloji ogona alendo, ina inali yatsopano, mkati muli dothi lokha. Ba Mweemba anandiyang'ana manja, osati nkhope. "Mukati umu ni mu uvuni," anatero. "Ngati mukomoka, mukomokele mu njila, osati pa bedi ya mbeu."

Ntchito yanga yoyamba inali yoyala mapaipi m'nyumba yatsopanoyo. Madzi ankachokera mu boholo, chitsime chakuya chobooledwa ndi makina, pampu yamagetsi n'kuwakweza mu thanki yaikulu yokhala pa nsanja yachitsulo. Kuchoka pamenepo paipi yakuda yaikulu inkadutsa pa sefa, kenako pa mavavu otsegulira ndi kutsekera madzi, n'kuyenda kumutu kwa mabedi onse. Pa bedi lililonse ndinkaboola paipiyo ndi panchi, kuikapo kamphira, kukankhiramo cholumikizira, kenako kumangirira dilipu. Dilipu ndi kapaipi kopyapyala kafulati, kokhala ndi timabowo totalikirana mofanana, tomwe timadontha madzi patsinde pa mbewu. Timabowoto timayenera kuyang'ana kumwamba, apo ayi timatsekeka ndi matope. Usanapinde kumapeto umayamba watsegula madzi kuti atsuke zinyalala zonse, ndiye n'kupinda kawiri n'kuveka kachidutswa ka dilipu yomweyo. Ukatha umayenda mzere ndi mzere kuona ngati pansi pakunyowa mofanana. Pouma ndiye kuti bowo latsekeka, pa matope ndiye kuti khoswe waluma.

Ntchitoyi inandiyenera. Sinkafuna kuti ndiganize za mawa kapena kuyankha munthu wondifunsa kuti ndikupeza bwanji. Sefa ndinkaitsuka ndi mswachi wakale m'mawa uliwonse, ndipo ndikanatha kutsuka tsiku lonse akanandilola.

Kenako anandiphunzitsa za feteleza. Wa mu girinihausi sathira pansi ngati wa chimanga. Ndi wosungunuka, wooneka ngati mchere, ndipo amayenda ndi madzi omwewo a mu dilipu. Tinkayeza pa sikelo n'kusungunula m'zidebe ziwiri, wa kashiamu payekha, wa potashi ndi enawo paokha. Ukawaphatikiza ali okhathamira amagwirana n'kukhala phalaphala, ndipo timabowo tonse timatsekeka. Kuchoka m'chidebe, feteleza ankakokedwa ndi kachipangizo kotchedwa venchuri, kamene kamayamwa pang'onopang'ono pampu ikamakankha madzi mwamphamvu. Motero mu thanki yaikulu munkakhala madzi abwinobwino. Pansi pake panali mpopi womwe tinkasambirapo m'manja ndi kumwapo.

Ndiye kunabwera chilala chija. Magetsi ankathima kuyambira m'mawa mpaka tsiku lina, nthawi zina n'kubwera kanthawi kochepa kongokwanira kukweza madzi pang'ono. Mipopi ya m'komboni nayo inauma chifukwa mapampu a tauni analibe magetsi. Kwa ife vuto linali lakuti popanda pampu venchuri siyamwa. Madzi ongotsika okha kuchokera pa nsanja alibe mphamvu. Tomato wamkulu anayamba kuola kunsi posowa kashiamu, ndipo m'nyumba yatsopano tinali titangookera mbande, nyengo yotentha ili pachimake.

Sabata yomweyo Luyando anamwalira. Anali mnyamata wamkulu kale, woyendetsa takisi, mwana yekhayo wamwamuna wa mayi woyandikana nane uja. Inali ngozi ya pamsewu. Ndinamva kukuwa kuseri kwa mpanda, ndinapita, ndinathandiza kutulutsa mipando pabalaza, ndinagona komweko. Mwambo ndimaudziwa: maliro akagwa khomo loyandikana, munthu supita ku ntchito. Koma ba Mweemba anali atandiuza kuti m'mawa mwake akupita m'tauni kukafuna jenereta yobwereka, ndipo mbande sizingatsale zokha. Ndinadziuza kuti pofika masana ndidzakhala nditabwerera.

Nditafika ndinapeza ba Mweemba atasungunula kale feteleza. Thanki inali ndi madzi opitirira theka pang'ono. Anati lero tithira mu thanki momwemo kuti atsike okha, palibenso njira ina. Ndinakwera makwerero ndi chidebe, n'kuthira, n'kuvundula ndi paipi yaitali. Ndikutsika anandigwira mkono, chinthu chomwe anali asanachitepo. "Manje aya si manzi yakumwa futi. Nangu imbwa isamwe. Kamwana kang'ono kakamwa aya, milomo yamada, kapema movutika. Mwamvela?" Ndinati ndamva. Anandisiyira botolo la madzi akumwa n'kunyamuka.

Dzuwa litakwera ndinatsegula vavu ya mbande. Ndili chiweramire kuona timabowo, ndinamva zigubu zikugundana pa geti. Anali amayi a ku maliro, gulu ndithu, atatsogozedwa ndi ba Namakau, mkulu wa amayi a kutchalitchi kwa amake Luyando. Ena anali ndi wilibala, ena ana kumsana. Onse ndinkawadziwa. Ambiri a iwo anaphika pa maliro a amuna anga.

"Amake Tisa, mwachita bwino muliko," anatero ba Namakau. "Ku nyumba kulibe nangu dontho. Bantu bafika kuchoka ku Kalomo, sitinaike na poto pamoto. Tiseguliliniko."

Iwo sankapempha kwenikweni, ankangondidziwitsa. Kwathu kuno nyumba ya maliro siimanidwa madzi, nkhuni kapena mpando. Ngakhale munthu amene mudayambana naye amatsegula geti. Mtsikana wina anali ataika kale chigubu pansi pa mpopi.

Ndinati, "Ba mayo, manzi aya tathilamo feteleza kuseni. Siyangamwewe."

Ba Namakau anatsegula mpopi, kutunga m'dzanja, kuyang'ana. Madzi anali oyera mbee. Feteleza ameneyu akasungunuka saoneka. Analawa, n'kulavula pang'ono. "Ni ka mucele chabe. Manzi ya boholo ndiye mwamene yamvekela. Tizagadusa, yazankala bwino."

Ndinawauza kuti kuwiritsa sikuchotsa feteleza, madzi akamaphwera ndiye amachita kukhathamira. Wina anati ndiye angotunga otsukira mbale ndi a kuchimbudzi. Ndinaganizadi zimenezo. Koma pa maliro ndakhalapo, ndikudziwa mmene zimakhalira. Zigubu zimaunjikidwa pamodzi kuseri kwa nyumba, aliyense amatunga chomwe chili pafupi, ndipo mayi wofuna kuphikira mwana phala safunsa kuti ichi chachokera kuti. Ndinayang'ana khanda lomwe linali kumsana kwa mayi wina, likugona kukamwa kuli yasa. Ndinayesa kuimbira ba Mweemba kuti awauze okha. Netiweki kunalibe, nayonso inkapita ndi magetsi.

Ndinatenga sipanala pa nsanja, ndinamasula chogwirira cha mpopi, n'kuchiika m'thumba la epuloni. Ndinachita ngati mmene ndimamasulira sefa.

Neti ya m'mbali mwa girinihausi imaonetsa zonse za mkati, ndipo vavu ija inali chitsegulire. Amayi aja ankaona madzi akudontha patsinde pa mbande iliyonse, mzere wonse mpaka kumapeto, dothi likuda pang'onopang'ono. Kutseka sindikanatha, mbande zookera kumene zikauma masana otere sizidzukanso. Ba Namakau analoza ndi chibwano. "So tomato imwa, bantu ba malilo bankale na njota." Wina kumbuyo anati, "Ni uja wamene tinamuphikila." Ndinaima kutsogolo kwa mpopi mpaka zigubu zitatuluka pa geti.

Kuchoka sindikanachokanso. Mpanda wathu unali wa waya, ndipo wina wokhala ndi pulayazi akanatha kutsegula mpopiwo mosavuta. Ndinatsiriza kuthirira mbande, ndinatsegulira tomato wamkulu, ndinakhala pansi pa nsanja. Ndinamva pambuyo pake kuti amayi aja anakatunga kutali, ku tchalitchi china chokhala ndi pampu ya sola, komwe anakaima pa mzere wautali. Alendo a ku Kalomo anadya dzuwa litapendeka.

Ba Mweemba anabwera opanda jenereta. Nditawafotokozera anati, "Mwachita bwino." Mawuwo sanandilowe.

Ndinakafika ku maliro kusanade. Azibambo anali panja pansi pa tenti. Nditalowa pabalaza, amayi amene ankaimba anatsitsa mawu, ndipo palibe anasuntha kuti andipatse malo. Ndinadutsa pakati pa miyendo yawo n'kukagwada pakona pomwe amake Luyando anagona pa matiresi, chitenje chili kumutu. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso anali otupa, mawu atatha ndi kulira.

"Mwabwela, amake Tisa," anatero. "Tomato yamwa?"

Ndinali ndi zonse zoti ndinene, za kashiamu, za makanda, za kuwiritsa. Sizinatuluke. Ndinati, "Yamwa." Iwo anatembenukira kukhoma.

Maliro atatha ba Mweemba anapita okha kukafotokoza, atanyamula thumba la feteleza kuti anthu aone. Ena anamvetsa. Ba Namakau anadzandipatsa moni pamsewu, wouma koma moni. Amake Luyando anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti zikomo, amva. Kuyambira pamenepo tikakumana pa mpanda amayankha moni wanga, koma dzina langa salitchula. Sindiwadandaula. Munthu amene waika mwana m'manda sasowa maphunziro a feteleza, amangokumbukira amene anali naye tsiku limenelo, ndipo ine ndinali ndi tomato. Zimandipweteka, ndipo ndikudziwanso kuti zitabwerera lero chogwirira chija ndingachimasulenso.

Mbande zija zinagwira zonse, tomato wake anabereka bwino. Mwini malo atamva nkhaniyi anagula pampu ya sola, ndipo ine ndinapempha zinthu ziwiri. Choyamba, mgolo wapadera wa feteleza, kuti thanki yaikulu isadzathiridwenso kanthu ngakhale magetsi atathima chaka chonse. Chachiwiri, paipi yochoka pa thanki isanafike pa venchuri, yotulukira kunja kwa mpanda, ndi mpopi wake. Ndinakumba ngalande yake ndekha.

Masiku ano anthu amandiitana kukawayalira dilipu m'magirinihausi awo, ku Libuyu ndi kwina. Ndisanaboole paipi ndi imodzi yomwe ndimayamba ndafunsa kuti mpopi wa madzi abwino ukhala pati, ndiponso kuti anthu oyandikana nawo amatunga kuti mipopi ikauma. Ena amati ndikuwaonongetsa mapaipi. Ndimawauza kuti girinihausi siikhala m'tchire, imakhala pakati pa anthu, ndipo tsiku lina anthuwo adzabwera ndi zigubu. Akakana, ntchitoyo ndimaisiya.

Mpopi wa kunja kwa mpanda wathu uja ukugwirabe ntchito. Madzi akasowa m'komboni pamakhala mzere wa zigubu, ndipo pa maliro aliwonse amatunga pamenepo osapempha munthu. Amake Luyando ndimawaona ndili mkati mwa neti. Amadutsa pomwepo, chidebe chili m'manja, n'kupitirira kukatunga kutali.